Mmene zomera zimachepetsera nitrate m'thanki ya nsomba

Madzi a m'thanki ya nsomba angathe kuoneka oyera mbee, koma ali ndi zinthu zimene zikufooketsa nsomba pang'onopang'ono. Chimodzi mwa zinthuzo ndi nitrate, mchere wosaoneka ndi maso komanso wopanda fungo, amene amachuluka m'madzi tsiku lililonse nsomba zikadya. Anthu ambiri amene ayamba kuweta nsomba zokongoletsa m'nyumba, m'maofesi ndi m'malo ogona alendo amagula pampu ndi sefa, n'kuyesa kuti nkhani ya ukhondo wa madzi yathera pamenepo. Koma sefa wamba sichotsa nitrate. Kunena zoona, mkati mwa sefa ndi mmene nitrate wambiri amapangidwira.

Zomera za m'madzi ndi njira yachilengedwe yochepetsera mcherewu, ndipo siboola m'thumba. Komabe njirayi ili ndi lamulo limodzi limene ambiri salilabadira: chomera chimachotsa nitrate pokhapokha chikamakula, ndipo nitrate amatulukadi m'thankimo pokhapokha mwini wake akadula masamba n'kuwataya kunja.

Nitrate amachokera kuti?

Gwero lake ndi chakudya. Chakudya cha nsomba chimakhala ndi mapuloteni, ndipo m'mapuloteni muli nayitrojeni. Nsomba ikadya, gawo lina la nayitrojeni limamanga thupi lake, koma gawo lalikulu limatuluka ngati amoniya kudzera m'makha, ziwalo zimene nsomba imapumira. Ndowe za nsomba, chakudya chotsalira pansi ndi masamba owola nazo zimatulutsa amoniya zikamavunda.

Amoniya ndi poizoni. Amawononga makha, ndipo ngakhale wochepa angathe kupha nsomba. Ululu wake umakula madzi akakhala ndi pH yokwera komanso akatentha. Mwayi wake ndi wakuti pali mabakiteriya amene amadya amoniya. Mabakiteriyawa amakhazikika pa siponji ya m'sefa, pamiyala ndi pamchenga. Gulu loyamba, monga la Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite. Nitrite naye ndi poizoni: akalowa m'magazi a nsomba amalepheretsa magaziwo kunyamula mpweya wa okosijeni, kotero nsomba imabanika ngakhale madzi ali ndi mpweya wokwanira. Gulu lachiwiri, monga la Nitrospira, limasandutsa nitrite kukhala nitrate. Mayina awiriwa amasiyana ndi chilembo chimodzi chokha, koma kuopsa kwawo n'kosiyana kwambiri, ndipo wogula zida zoyezera madzi ayenera kuwerenga bwino zimene zalembedwa pabotolo.

Ntchito ya mabakiteriya otere inadziwika bwino m'chaka cha 1890 kudzera m'kafukufuku wa wasayansi Sergei Winogradsky, ndipo ndi ntchito yomwenso imachitika m'nthaka ya m'munda. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achuluke mokwanira. N'chifukwa chake kudzaza nsomba m'thanki tsiku lomwelo imene yagulidwa kumathera m'chisoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'nyanja ndi m'mitsinje ulendo wa nayitrojeni suthera pa nitrate. Zomera ndi ndere zimamuyamwa, mabakiteriya a m'matope mopanda mpweya amamusandutsa mpweya wa nayitrojeni umene umauluka, ndipo madzi ochuluka amamusungunula. M'thanki ya galasi njira zimenezi n'zochepa. Chakudya chimalowa tsiku ndi tsiku, koma khomo lotulukira palibe, kotero nitrate amangounjikana.

Mlingo woyenera ndi wotani?

Nitrate amayezedwa m'mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi, ndipo pazida zambiri muyezowu amaulemba kuti mg/L kapena ppm. M'thanki yokhazikika amoniya ndi nitrite ayenera kukhala pa 0. Pa nitrate, oweta nsomba ambiri amayesetsa kuti asapitirire 40 mg/L, ndipo amene akuweta ana a nsomba kapena mitundu yosachedwa kudwala amafuna kuti akhale pansi pa 20 mg/L. Poyerekeza, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi akumwa a anthu asapitirire 50 mg/L.

Nitrate sapha msanga ngati amoniya, ndipo n'chifukwa chake anthu amamupeputsa. Akakhala wochuluka kwa miyezi, nsomba zimakula mokwinimbira, maonekedwe ake amazilala, zimagwidwa matenda mosavuta ndipo kuswana kumavuta. Nthawi zambiri ndere zimayanga pagalasi ndi pamiyala. Chizindikiro china ndi chakuti nsomba zakale zimaoneka ngati zili bwino chifukwa zazolowera pang'onopang'ono, koma nsomba zatsopano zikangoikidwa m'madzi omwewo zimafa m'masiku ochepa.

Chimene chili chinyalala kwa nsomba ndi chakudya kwa chomera

Mlimi aliyense wa chimanga amaudziwa mchere umenewu, ngakhale sautchula dzina. Feteleza wobereketsa wa CAN ndi calcium ammonium nitrate, ndipo chimanga chimabiriwira chifukwa cha nayitrojeni amene ali m'menemo. Chomera cha m'madzi chimafunanso nayitrojeni yemweyo kuti chipange mapuloteni ndi masamba atsopano. Chimamuyamwa kudzera m'mizu, ndipo zomera zambiri za m'madzi zimayamwanso kudzera m'masamba.

Zomera zimathandiza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyamwa nitrate amene ali kale m'madzi. Yachiwiri, imene ambiri saidziwa, ndi kuyamwa amoniya mabakiteriya asanamusandutse nitrate. Zomera zambiri za m'madzi zimakonda amoniya kuposa nitrate, chifukwa chomera chikayamwa nitrate chimayenera kuwononga mphamvu zake kuti chimubwezere ku amoniya chisanamugwiritse ntchito. Diana Walstad wa ku America anafotokoza mfundoyi mwatsatanetsatane m'buku lake la Ecology of the Planted Aquarium, limene linatuluka m'chaka cha 1999. Tanthauzo lake ndi lakuti m'thanki yodzaza zomera zokula bwino nitrate wopangidwa amakhala wochepa kuyambira pachiyambi.

Apa pafunika chenjezo. Feteleza wa m'munda, kaya CAN kaya urea, asathiridwe m'thanki ya nsomba pofuna kuti zomera zikule. Amatulutsa amoniya, ndipo angathe kupha nsomba zonse.

Masamu a chakudya ndi masamba

Kuti tione mphamvu ya zomera ndi malire ake, tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze thanki ya malita 100 imene nsomba zake zimapatsidwa galamu imodzi ya chakudya patsiku, ndipo chakudyacho chili ndi mapuloteni okwana magawo 40 pa 100 alionse. M'mapuloteni, nayitrojeni amakhala pafupifupi magawo 16 pa 100. Choncho galamu imodziyo ili ndi nayitrojeni wokwana mamiligalamu 64. Miligalamu imodzi ya nayitrojeni imapanga pafupifupi mamiligalamu 4.4 a nitrate. Nayitrojeni yenseyo atati asanduke nitrate, angakwane mamiligalamu 280, kapena kuti 2.8 mg/L patsiku m'thanki yathuyi. Nsomba zimasunga gawo lina m'thupi, kotero chiwerengero chenicheni chimatsikirapo, koma n'zoonekeratu kuti m'masabata awiri kapena atatu madzi angafike pa 40 mg/L.

Nanga pangafunike masamba ochuluka bwanji kuti ayamwe nayitrojeni ameneyu? Chomera cha m'madzi chimakhala madzi okhaokha, oposa magawo 90 pa 100 a kulemera kwake. Chikaumitsidwa, nayitrojeni amakhala magawo ochepa chabe a chotsalacho. Tikatenga magawo atatu pa 100, pangafunike magalamu awiri a masamba ouma, kutanthauza magalamu 20 kapena kuposerapo a masamba aawisi, kuti amere tsiku lililonse. Pasabata ndi masamba odzaza manja.

Masamuwa akusonyeza zinthu ziwiri. Choyamba, kachomera kamodzi kokongoletsa pakona sikangasinthe kanthu. Chachiwiri, njira yachidule yochepetsera nitrate ndi kuchepetsa chimene chikulowa: nsomba zisachuluke kuposa kukula kwa thanki, ndipo zipatsidwe chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri kapena zitatu.

Zomera zimene zimagwiradi ntchito

Popeza chofunika ndi kukula, chomera chabwino pantchitoyi ndi chimene chimakula msanga. Zomera zimenezi tingaziike m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zoyandama, monga duckweed, timasamba ting'onoting'ono timene timaphimba madzi odikha, ndi water lettuce. Zoyandama zimaposa zinzake chifukwa zili pafupi ndi kuwala ndipo zimatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi kuchokera m'mlengalenga, pamene zomera zomira zimalimbirana mpweya wochepa umene wasungunuka m'madzi. Zinthu zikakhala bwino, duckweed amatha kuwirikiza kawiri m'masiku ochepa. Vuto lake ndi lomwelo: akalekereredwa amatseka pamwamba ponse, zomera za pansi n'kusowa kuwala. Ndi bwino kusiya theka la pamwamba pa madzi lili poyera.

Gulu lachiwiri ndi la zomira zokula msanga. Hornwort, amene dzina lake la sayansi ndi Ceratophyllum demersum, alibe mizu ndipo amayamwa chakudya chake chonse kuchokera m'madzi. Angathe kusiyidwa akuyandama kapena kupanikizidwa ndi mwala. Vallisneria ali ndi masamba aatali ngati udzu, amazika mizu mumchenga ndipo amafalikira potulutsa mphukira m'mbali. Zomera ziwirizi zili ndi luso lotenga kaboni kuchokera ku mchere wa bicarbonate, kotero zimakula bwino m'madzi a pH yokwera mmene zomera zina zimalephera.

Gulu lachitatu ndi la zomera za kumtunda zimene mizu yake yokha ndiyo imaviikidwa m'madzi. Chotchuka ndi pothos, chomera choyanga cha m'nyumba chimene ena amachitcha money plant. Nthambi yake ikapachikidwa pamlomo wa thanki, masamba ali kunja, imatulutsa mizu yoyera imene imayamwa nitrate mwamphamvu. Masamba ake amayabwa m'kamwa akatafunidwa, kotero akhale potalikira ana ndi amphaka. Mbatata nayo imagwira ntchito yomweyo: nthambi ya kholowa yotsukidwa bwino, yochokera m'munda mosapoperedwa mankhwala, imamera mizu m'masiku ochepa. Masamba ake asamire, chifukwa akamira amawola.

Pali zomera zina zokongola ndi zolimba, monga Anubias wa ku West Africa ndi Central Africa komanso Java fern wa ku Asia. Zimenezi zimapirira kuwala kochepa, koma zimakula mochedwa kwambiri moti nitrate amene zimachotsa ndi wochepa. Tsinde lake lopingasa lisakwiriridwe mumchenga, chifukwa limawola. Limangiriridwe pamwala kapena pamtengo.

Vuto la mbuna

Nkhaniyi ikutikhudza mwapadera chifukwa zina mwa nsomba zotchuka kwambiri m'mathanki a ku Ulaya, America ndi Asia kwawo ndi m'nyanja ya Malawi. Nyanjayi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la cichlid zimene sizipezeka kwina kulikonse, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO linaika Lake Malawi National Park pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 1984. Mbuna, nsomba zazing'ono za mawanga owala zimene zimakhala m'miyala, ndizo zimakopa oweta ambiri.

Koma mbuna ndi zomera sizimvana. Kunyanja mbuna zambiri zimadya ndere zimene zimapala pamiyala, ndipo m'thanki zimabudula masamba ofewa ngati ndiwo. Zimakumbanso mchenga pokonza malo oswanirana, n'kuzula chilichonse chobzalidwa. Kuwonjezera apo, oweta amakonda kuziika zambiri m'thanki imodzi pofuna kuchepetsa ndewu, zimene zimachulukitsa nitrate. Madzi a mbuna amafunanso pH ya pafupi ndi 8 monga kunyanja, ndipo pa mlingo umenewu amoniya amakhala waululu kwambiri.

Njira zilipo. Vallisneria ndi hornwort amamera mwachilengedwe m'malo osaya a nyanja ya Malawi, kotero madzi a mbuna amawayanja. Vallisneria abzalidwe m'kamphika, kapena azunguliridwe ndi miyala yolemera kuti nsomba zisafike kumizu. Anubias ndi Java fern ali ndi masamba olimba amene mbuna sizikonda kwenikweni, ngakhale kuti phindu lawo lalikulu ndi kukongoletsa. Njira yodalirika koposa ndi kuika zomera pamene nsomba sizifika: mizu ya pothos kapena ya kholowa ikhale m'bokosi la sefa, m'kadengu kopachika m'mbali, kapena m'kathanki kena kamene madzi amadutsamo asanabwerere kwa nsomba.

Kuwala ndi magetsi

Chomera chopanda kuwala sichikula, ndipo chosakula sichiyamwa kanthu. Nyale ya thanki iziyaka maola asanu ndi atatu kapena khumi patsiku, pa nthawi yofanana. Kupitirira apo kumalimbikitsa ndere. Dzuwa lolunjika pagalasi nalonso limabweretsa ndere ndi kutenthetsa madzi. Malo owala koma osawombedwa ndi dzuwa ndi abwino, makamaka kwa zoyandama ndi pothos, zimene zimapitiriza kukula ngakhale magetsi akamazimazima.

Kuzima kwa magetsi kuli ndi vuto lina. Masana zomera zimatulutsa okosijeni, koma mumdima zimapuma ngati nsomba ndipo zimagwiritsa ntchito mpweya womwewo. Magetsi akazima usiku, pampu n'kuima, thanki yodzaza nsomba ndi zomera ingasowe mpweya m'bandakucha. Nsomba zikayamba kupumira pamwamba, tungani madzi a m'thankimo ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba mobwerezabwereza, kapena gwiritsani ntchito kapampu ka mpweya koyendera batire. Musadyetse nsomba magetsi asanayake, chifukwa mabakiteriya a m'sefa nawo amafuna mpweya ndipo amafooka madzi akasiya kuyenda.

Nayitrojeni si chakudya chokhacho chimene chomera chimafuna. Chimafunanso potaziyamu, fosifolasi ndi ayironi. Chimodzi chikasowa, kukula kumaima ngakhale nitrate ali wambiri. Masamba atsopano akamatuluka otuwa kapena achikasu, kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti ayironi wachepa, ndipo mankhwala ake ndi feteleza wopangidwira mathanki a nsomba, wothiridwa motsatira malangizo a pabotolo.

Kudulira ndiko kuchotsa

Nayitrojeni amene chomera chayamwa sanachoke m'thanki, wangosungidwa m'masamba. Tsamba likafa n'kuwolera m'madzi, amabwerera ngati amoniya, ulendo n'kuyambiranso. Choncho sabata iliyonse wolani zoyandama zimene zachuluka, dulani nthambi zazitali ndipo chotsani masamba achikasu asanavunde. Chimene mwanyamula m'manja kutuluka nacho panja ndicho chachokadi m'madzi.

Zomera sizilowa m'malo mwa kusintha madzi, zimangochepetsa ntchitoyo. Kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo atsopano opanda nitrate kumatsitsa muyezo kuchoka pa 40 kufika pa 30 mg/L, komanso kumabwezeretsa michere ina imene zomera ndi nsomba zimafuna. Kungowonjezera madzi m'malo mwa amene aphwa ndi kutentha sikuchotsa kanthu, chifukwa nitrate sauluka ndi nthunzi. Ngati thanki yakhala miyezi osasinthidwa madzi, sinthani pang'onopang'ono kwa masiku angapo kuti nsomba zisadzidzimuke.

Madzi atsopanowo ayenera kusamalidwa. A pampopi amakhala ndi klorini amene amapha mabakiteriya othandiza aja, kotero athiridwe mankhwala ochotsa klorini asanalowe m'thanki. Pa chifukwa chomwecho siponji ya m'sefa izitsukidwa m'madzi ochokera m'thankimo. Madzi a pachitsime kapena pamjigo umene uli pafupi ndi zimbudzi kapena minda yothiridwa feteleza angathe kukhala ndi nitrate kale, ndipo ndi nzeru kuwayeza. Madzi ochotsedwa m'thanki ndi abwino kuthirira maluwa ndi ndiwo za kuseri kwa nyumba.

Kuti mudziwe ngati zomera zikugwira ntchito, yezani nitrate kamodzi pasabata musanasinthe madzi, n'kulemba m'kope. Muyezo ukamakwera pang'ono kusiyana ndi kale, zomera zikuthandiza. Ukamakwera monga kale, zomera n'zochepa, kuwala sikukwanira, kapena nsomba ndi chakudya zachuluka.

Zodulidwazo zisapite kumtsinje

Khalidwe limene limachititsa chomera kukhala chothandiza m'thanki, ndilo kukula msanga, ndi lomwe limachisandutsa tsoka chikapulumukira kumtsinje. Umboni tili nawo mumtsinje wa Shire. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa cha kukongola kwa maluwa ake. Lero iye ndi zomera zina zoyandama amaphimba madzi, amavutitsa asodzi ndi mabwato, ndipo zinyalala zake zimatseka polowera madzi m'malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. N'chifukwa chake pa Kamuzu Barrage ku Liwonde pamakhala ntchito yotchera ndi kuvuula zomerazi zisanatsikire kumunsi.

Namasupuni amayamwa nitrate mwamphamvu, koma si chomera choti munthu azisunga ndi kugawira anzake. Zomera zina zonse zodulidwa m'thanki ziumitsidwe padzuwa mpaka zife, kenako ziikidwe padzala la manyowa kutali ndi ngalande. Madzi a m'thanki athiridwe panthaka, asatayidwe m'ngalande yopita kumtsinje, chifukwa kachidutswa kamodzi ka chomera choyandama n'kokwanira kuyambitsa vuto. Lamulo lomweli likhudzanso nsomba: zoweta zisatayidwe m'mitsinje, m'madamu kapena m'nyanja.

Kwa amene akuyamba kumene, dongosolo lake ndi losavuta: nsomba zochepa, chakudya cha mlingo, zomera zambiri zokula msanga kuyambira tsiku loyamba, kuwala kwa maola okhazikika, kudulira ndi kusintha gawo la madzi sabata iliyonse. Zida zoyezera nitrate zigulidwe pamodzi ndi thanki, chifukwa maso okha sangasiyanitse madzi abwino ndi madzi amene akudwalitsa nsomba.